MAGAZI A MWINI SI MADZI A PACHITSIME

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma nanga kalumoko akakumeta nako mpala iwe utangopempha kudula ndevu, uthokozebe?

Mtundu wa Havasupai ndi wa anthu mazana owerengeka, eni nthaka okhala m'chigwa cha Grand Canyon ku Arizona, m'dziko la Amereka. Matenda a shuga atawasautsa, mu 1989 adapempha thandizo kwa John Martin, mphunzitsi wa pa Arizona State University amene adamzolowera. Kuyambira mu 1990 gulu la Therese Markow lidayamba kuwatenga magazi. Anthuwo adatambasula mikono poganiza kuti akufufuza za shuga basi.

Si mmene zidathera. Magazi omwewo adawagwiritsa ntchito pofufuza za misala, za kukwatirana pachibale, ndiponso posonyeza kuti makolo ao adachokera ku Asia, pamene mwambo wao umati adayambira m'chigwa momwemo. Eni ake adazitulukira mu 2003, Carletta Tilousi atakhala nawo pa msonkhano wa payunivesite namva ophunzira akukamba za magazi a abale ake. Mlandu udalowa m'khoti mu 2004, ndipo mu 2010 yunivesite idavomera kulipira madola 700,000 kwa anthu 41 ndi kubweza magazi otsala.

Ena amati, suja adasaina okha? Inde adasaina, koma chikalatacho chidalembedwa m'mau otambalala ngati nkhoka, ophimba nthenda iriyonse ya thupi ndi ya maganizo. Munthu wobwereka khasu lako kuti akalime, n'kukafukula nalo manda a agogo ako, kodi angadzikanire ponena kuti udampatsa wekha? Kwa a Havasupai magazi ndi gawo la munthu, loyenera kupita naye kumanda. Amene sadafunse zimenezi sadafufuze kanthu, adangotapa.

Sindikunyoza sayansi ai. Shuga akupha ndithu, ndipo mankhwala sagwa kumwamba. Koma taonani chimene chinyengo chimabala: a Havasupai adaletsa anthu a yunivesiteyo kuponda m'dera lao. Wataya ndani pamenepo, si odwala omwewo?

Mu 2017 anthu a mtundu wa San ku South Africa adalemba malamulo aoao oti wofufuza aliyense atsate. Njira ndi imeneyo. Ife amene tikuphunzira kufunsa anthu mafunso, tiyambe taphunzira kuodira pakhomo: tinene zonse zimene tikufuna, m'chilankhulo cha eni mudzi, ndipo funso likasintha tibwerere kukapemphanso. Akakana, digiri yathu idikire.