Musagule Kindle chifukwa choti munthu wa pa YouTube wanena

Sabata yatha titamaliza pulogalamu ya achinyamata ku wailesi, mtsikana wina wophunzira ku Copperbelt University anandionetsa kachipangizo kake katsopano kowerengera mabuku. Nkhope inali yakugwa. Anasunga ndalama miyezi ingapo, nagula Kindle yaing'ono ya mainchesi 6 chifukwa anaona mavidiyo ambiri oitamanda. Koma zimene iye amawerenga ndi manotsi a m'kalasi ndi mapepala a mayeso akale, zonse ma PDF a tsamba la A4. Pa kasikirini kameneko zilembo zimaoneka ngati nyerere. Ukakulitsa tsamba, umayamba kulikoka uku ndi uku ndi chala, ndipo sikirini ya E Ink ndi yochedwa kusintha. Tebulo la manambala limaduka pakati.

Ndikwiya ndi anthu amene amauza achinyamata athu kuti "gula ichi, ndiye chabwino kwambiri" osafunsa n'komwe kuti munthuyo amawerenga chiyani. Amene amapanga mavidiyo aja amakhala kumene malaiti sazima, ali ndi khadi la banki logulira pa Amazon, ndipo amawerenga nthano zachingerezi ali pa sofa. Moyo wawo si wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu.

Musandimve molakwa, kachipangizo aka ndimakakonda. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, foni yanga inkafa madzulo asanafike, koma e-reader inkatha masabata ndisanaitchaje. Sikirini yake siwala m'maso ngati foni, padzuwa imaoneka bwino, ndipo WhatsApp siikusokoneza. Pa minibasi yochoka ku Kitwe kupita ku Ndola ndinamaliza mitu ingapo ya The Old Drift, buku la Namwali Serpell la 2019, kachipangizo kali m'dzanja limodzi, dzanja lina likugwira chikwama. Ngati mumawerenga nthano, ndakatulo kapena Baibulo, ka mainchesi 6 n'kokwanira, chifukwa mawu amadzikonza okha mukakulitsa zilembo. Ndiye ntchito imene kanapangidwira.

Koma funsani kaye kuti mabukuwo muwatenga kuti. Kindle ndi sitolo ya Amazon imene mwaika m'thumba. Kuyambira pa 26 February 2025, kampaniyo inachotsa njira yotsitsira pa kompyuta mabuku amene mwagula n'kuwasamutsa ndi chingwe cha USB. Kwa ife amene Wi-Fi timaipeza mwa apo ndi apo, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mafayilo a EPUB, amene ndi ofala kwambiri, Kindle imawalandira kudzera pa Send to Kindle, kutanthauza intaneti kachiwiri, kapena muyambe mwawasintha ndi pulogalamu yaulere ya Calibre. Kobo imatsegula EPUB mwachindunji: mwalumikiza chingwe, mwakopera, basi. Project Gutenberg ili ndi mabuku aulere oposa 70,000, ngakhale ambiri ndi akale a azungu. Za m'Chinyanja musayembekezere zambiri m'masitolo amenewa. Mabuku athu ambiri akadali pa pepala, ndipo kachipangizo kokongola sikasintha zimenezo.

Palinso za salaula. Ambiri mwa ife tidzagula yogwiritsidwa kale ntchito, palibe chamanyazi. Koma iyatseni wogulitsa ali pomwepo. Onani ngati mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake, chifukwa Kindle imene inanenedwa kuti yabedwa imakana kulembetsedwa. Onani ngati ili ndi nyali yamkati. Zakale zina zilibe, ndiye malaiti akapita mudzafunanso kandulo, zoseketsa. Zambiri za m'badwo wachisanu kubwerera m'mbuyo zinasiya kugula mabuku mwachindunji mu 2022. Ndipo sikirini ikasweka, musaganize kuti anyamata okonza mafoni ku Chisokone adzaipeza mosavuta ngati ya Tecno.

Ena adzati foni ndi yokwanira. Kwa ambiri n'zoona, ndipo ndi bwino kuvomereza m'malo mochita manyazi. Amene amawerenga buku limodzi pa chaka safunika chipangizo china. Wophunzira wa ma PDF afunika tabuleti kapena e-reader yaikulu ya mainchesi 10, ngakhale imeneyo mtengo wake ndi wowawa. Amene ndikulimbana nawo ndi aja ofuna kuti tigule kuti tioneke ophunzira pa chithunzi cha Facebook.

Mtsikana uja ndinamufunsa kuti ndi liti pamene anawerenga buku losakhala la mayeso. Anaseka, nati mwina ali Giredi 9. Tsopano akufunafuna woti asinthane naye ndi tabuleti, ngakhale yakale, ndipo mayeso ake ayamba mwezi wamawa.