Tameki si msampha

Adzukulu anga, ndikumva kuti masiku ano nkhandwe ikakugwirani nkhuku mumathamangira kukagula tameki ndi kumuthira m'nyama. Umenewu ndi ulesi, si ulenje ai. Poizoni sasankha: amapha galu wa mnansi ndi khungubwe wodya mtembo wa galuyo, ndipo mwana wotola zapansi ali pangozi yomweyo. Walira mvula walira matope. Komanso nkhandwe mukuithayo ndiyo imakudyerani mbewa m'munda usiku.

Msampha woigwira yamoyo suvuta. Zikani mitengo yolimba mothithikana ngati kakhola, mutseke pamwamba, pansi muyale miyala, pakuti nkhandwe imakumba. Chitseko cha thabwa chizitsetsereka pakati pa nsanamira za pakhomo. Muchikweze, muchichirikize ndi kamtengo komangidwa ku chingwe chofika pa nyambo, kumapeto kwenikweni kwa kakholako. Ikangokoka matumbo a nkhukuwo, kamtengo kamachoka, chitseko n'kugwa. Masiku oyamba ikani nyambo osatchera, iyambe yazolowera. Nyamayi ndi yochenjera.

Muzikaonako m'mamawa uliwonse. Mukapezamo galu, mtulutseni azipita kwao. Ikakhala nkhandwe musaikhudze ndi manja, imatha kukhala ndi chiwewe. Itanani alangizi a ziweto kapena oyang'anira nyama zakutchire.