Makwerero Atatu a pa Khomo la Chalichi

Mwezi uno tabwera ndi nkhani ya ulendo.

Mu mphakati wathu kuno ku Rufunsa muli bambo wina wacikulire amene anaimba m'kwaya zaka zambiri. Cicitire ngozi pa msewu wa Great East, miyendo yao siigwiranso nchito, ndipo amayenda pa njinga ya olumala. M'mwezi wa June mwana wao wa ku Johannesburg anafika ndi galimoto yodabwitsa imene anabwereka kumeneko. M'kati mwake munali bedi, mbaula, madzi ndi cimbudzi, nyumba yeniyeni yoyenda pa mateyala. Iye anati, “Atate, munatilera ndi nkhani za Mosi-oa-Tunya, koma inu eni simunakaoneko. Tiyeni.” Ife anatipempha kuti tiwaperekeze.

Kucoka kuno kufika ku Livingstone ndi makilomita oposa 600, kudzera ku Chongwe, Lusaka, Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo. Pa basi ulendo wotere ndi mtanda wolemera kwa munthu wolumala, pakuti khomo ndi lopapatiza ndipo zimbudzi za m'njira sizilowa njinga. Ife tinangoyala matabwa awiri pa khomo la galimoto, njinga n'kulowa. Tinagona ku Choma m'galimoto momwemo.

Mathithiwa ali pa mtsinje wa Zambezi. M'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 1,700, ndipo madzi amagwa m'phompho lakuya mamita oposa 100. David Livingstone anawaona mu November 1855 nawacha dzina la Mfumukazi Victoria, koma eni dziko anali atawacha kale utsi wogunda. Mu 1989 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo a cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Mwanayo anasankha June mwanzeru. Kuyambira March mpaka May madzi amakhala ambiri kotero kuti nkhungu yao imabisa mathithi ndi kutereretsa njira, pamene mu October mbali yathu ya Zambia imatsala miyala yokhayokha.

Kumene kuli makwerero, monga potsikira ku Boiling Pot, sitinayeseko. Koma pa malo oyamba oonerapo njinga inafika, pena tikukankhako, pena iwo akupalasa okha ndi manja. Ataona madzi ndi utawaleza, anavula cipewa, nacita cizindikiro ca mtanda. Kenaka anayamba nyimbo ya Ulemerero ndi mau aja amene kwaya yathu inawasowa.

Pobwerera anatiuza mau amene atisowetsa tulo. “Aphunzitsi, ku mathithi a Mulungu ndafika pa njinga yanga. Koma m'nyumba ya Mulungu kwathu sindingalowe popanda kunyamulidwa ngati thumba la cimanga.” Anali kunena zoona. Pa khomo la chalichi cathu pali makwerero atatu. Tinawamanga tokha, ndipo tinanyadira nao. Bamboyu ataleka kubwera ku Misa, tinkawapititsira Ukaristia kunyumba, tikuyesa kuti tatha udindo wathu. Sitinawafunse cifukwa cimene analekera.

M'mutu waciwiri wa Marko Woyera timamva za anthu anai amene anasasula denga kuti mnzao wofa ziwalo afike pamaso pa Yesu. Ife safuna kuti tisasule denga. Cofunika ndi matumba ocepa a simenti, mcenga wa kumtsinje ndi manja a anyamata athu, kuti timange kanjira kotsetsereka pambali pa makwerero. Amisiri amati pa sentimita imodzi ya kukwera, kanjirako katalike masentimita 12, kuti munthu athe kukwera yekha. M'katinso mukhale malo a njinga pakati pa anzao, osati kumbuyo kwa citseko. Ngakhale lamulo la dziko lathu la 2012 lokhudza anthu olumala lifuna kuti nyumba zosonkhanamo anthu zikhale zoloweka kwa onse. Nanga ife a Eklezia tidikire kuti boma litikumbutse?

Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Ukalamba, matenda ndi ngozi sizisankha munthu. Sabata likudzali, polowa m'chalichi, werengani makwerero a pa khomo panu, ndipo mudzifunse kuti ndani wa mphakati wanu amene watsala kunyumba cifukwa ca iwo. Dzina lace mukalichule pa msonkhano wa akulu a mpingo. Kwathu kuno tayamba kale kututa mcenga.

Ambuye akhale nanu nonse.