Kodi aphunzitsi apemphe kaye chilolezo cha makolo asanaphunzitse ana za nkhanza?

Ngati muli ndi mwana ku pulayimale ku Chiosya m'boma la Mchinji, kapena kwina kulikonse, mwina anabwerapo kunyumba n'kukuuzani kuti aphunzitsi anawaphunzitsa za ziwalo zobisika komanso za kugwidwa kosayenera. Makolo ena amadandaula kuti nkhani zotere ndi za anankungwi ndi azakhali, ndipo sukulu izipempha kaye chilolezo.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, komanso mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Nthawi zambiri wochita zimenezi amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa.

Malamulo akuti chiyani?

Phunziro la Life Skills lili m'silabasi ya Unduna wa Zamaphunziro ndipo limalembedwa pa mayeso a Sitandade 8. Choncho mphunzitsi sadikira kalata ya kholo kuti aphunzitse. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Nanga chilolezo chili ndi vuto lanji?

Ngati mwana aliyense adikira siginecha ya kunyumba, amene akuchitiridwa nkhanza ndi bambo womupeza kapena malume ndiye woyamba kuletsedwa. Wofunika kwambiri phunzirolo ndi amene angalisowe.

Komabe mawu anu ali ndi malo ake. Pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani komiti ya sukulu kapena amayi a Mother Group, muone buku limene mwana wanu akuwerenga. Ngati mawu ena akukula kuposa msinkhu wake, nenani. Bungwe lakunja likabwera kudzafunsa ana mafunso a kafukufuku, pamenepo chilolezo chanu n'chofunika.

Mwana akakuululirani, chitani izi

Musamukalipire ndipo musakambirane zolipitsana ndi wolakwayo. Pitani naye kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Kanenani ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116 mwaulere.

Madzulo ano mufunseni mwana wanu: wina atakugwira mosayenera, ungauze ndani?