Madzi saiwala khwawa, khonsolo isaiwale anthu

Namondwe wa Freddy asanafike mu Marichi 2023, nthambi yoona za nyengo inali itachenjeza kale pa wailesi. Komabe matope ndi miyala zitatsetsereka m'phiri la Soche, zinapeza anthu a ku Chilobwe ali m'nyumba zawo. Chenjezo linamveka ndithu, koma silinauze mayi wa ana kuti alowere kuti usiku, adzere njira iti, katundu amusiyire ndani. Mayankho a mafunso otere sali mu ofesi ya khonsolo. Ali ndi eni dera, amene amadziwa ngalande yoyamba kusefukira, kamlatho kotsekeka ndi majumbo, ndi nyumba ya gogo amene sangathe kuthamanga.

Ena amati anthuwa ndi osamva: anauzidwa kuti asamange m'phiri kapena m'mbali mwa mitsinje ya Mudi ndi Lingadzi, iwo n'kumanga. Zoona, anamanga. Koma malowo anawagulitsa ndani, nanga maziko akukumbidwa akuluakulu a mzinda anali kuti? Munthu wa ku Mtandire sakhala pafupi ndi mtsinje chifukwa chokonda madzi. Lendi ndi yotsika, ganyu ali pafupi. Mukamusamutsira kutali osamufunsa, poti kulibe msika kapena minibasi, abwerera mvula ikangokata, ndipo inu mudzati ndi wamakani.

Pali nkhawa ina imene ndikuimvetsa, yoti mawu akuti "tigwirire limodzi ntchito" ndi njira ya boma yozembera udindo. Nthawi zambiri zimatero: anthu amaitanidwa kudzafukula ngalande ndi makasu awo, akajambulidwa, nkhani yatha. Kumeneko n'kugwiritsa anthu ntchito yaulere basi. Lamulo la 2023 loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene linalowa m'malo mwa la 1991, lidzaoneka phindu lake pokhapokha makomiti a m'mawadi akamaloledwa kufunsa za ndalama za ngalande, kuletsa okumba mchenga m'mitsinje, ndi kukana poyera puloti yogawidwa m'khwawa, ngakhale woigawayo akhale mfumu kapena khansala.

Ntchito yotere nthawi yake ndi Okutobala, kunja kukadali gwa. M'mwezi umenewo dera lililonse ligwirizane za sukulu kapena tchalitchi chothawirako, amene adzasunge kiyi, amene adzaimbe wezulo, ndi achinyamata odzanyamula okalamba ndi olumala.