Galasi la Pa Njinga ya Moto: Kukula Si Ndiwo Ubwino Wake

Amene anaimapo pa msika wa pa boma la Chama m'nyengo ya cilimwe anawaona anyamata a njinga za moto akufika kucokera ku midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Kambombo. Kumbuyo amanga matumba a mpunga, mwina abereka mayi wodwala wopita ku cipatala. Potsika maso ali psuu, misozi yalemba mizere pa masaya otuwa ndi fumbi, khosi lauma. Munthu akawapatsa moni ayenera kubwereza kawiri cifukwa m'makutu mwao mukali kulira.

Ambiri amangoti ndiyo nchito yake. Koma izi ndi zizindikiro zakuti mphepo ili kudya thupi pang'onopang'ono. N'cifukwa cake eni njinga ambiri ayamba kugula galasi lochingira mphepo lomangirira kutsogolo. Ganizo lake ndi labwino. Colakwika ndi kasankhidwe, pakuti ambiri afuna galasi lalitali ndi lakuda, poyesa kuti likakula ndiye kuti liteteza kwambiri. Zoona zake ndi zakuti galasi losayesedwa pa msinkhu wa wokwera lingathe kuonjezera bvuto limene analigulira.

Nkhaniyi ikhudza mabanja a m'makomboni a ku Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ndi a ku Lundazi omwe. M'zaka za m'ma 1990 njinga za moto kumidzi zinali za anchito a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi, ndipo anthu anazolowera kuchula njinga iliyonse kuti honda. Lero mabanja amasonkha ndalama kugulira mwana kapena mphwao wa kumudzi Boxer kapena TVS kuti azidzipezera ndalama. Kawirikawiri wogula zipangizo m'sitolo ndi m'bale wa m'tauni, pamene wokwera ali kutali ku cigwa ca Luangwa, m'boma la Chama limene linaikidwa m'cigawo ca Muchinga mu 2011 ndi kubwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021. Wogulayo ayenera kudziwa cimene ali kugula.

ZIMENE MPHEPO ICITA PA THUPI

Mphamvu ya mphepo sikula mofanana ndi liwiro. Wokwera akacoka pa makilomita 30 pa ola ndi kufika pa 60, mphepo imukankha kanayi kuposa poyamba, osati kawiri. Khosi ndi mapewa ndi zimene zilimbana ndi mphamvu imeneyi ulendo wonse, ndipo munthu wotopa acedwa kugwira mabuleki.

Maso ndiwo ayamba kubvutika. Mphepo iumitsa madzi amene ateteza diso, ndipo fumbi, mcenga ndi tizilombo touluka tilowa mosabvuta. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola njinga iyenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Wokwera akatsinzina masekondi awiri cifukwa ca kacitsotso, ndiye kuti wayenda mamita oposa 30 osaona kumene apita. Ndiponso dzuwa, mphepo ndi fumbi za zaka zambiri zithandiza kumeretsa kamnofu kamene kayamba pa mbali yoyera ya diso ndi kukwawira ku mbali yakuda. Kakakula kachinga kuona ndipo kafuna opaleshoni.

Makutu nao aonongeka mwakacetecete. Pa malo a nchito, phokoso la madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu ndilo malire amene akatswiri a zaumoyo acenjeza kuti asapitirire. Phokoso la mphepo m'kati mwa cisoti lifika pafupi ndi madesibelo 90 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo likwera pamene liwiro likwera. Kugontha kobwera ndi phokoso kulibe mankhwala, kukafika kwafika.

Ku cigwa kuli bvuto linanso. Nchenche zoluma za kashembe, zimene zifalitsa matenda a kaodzera, zikonda kulondola cinthu coyenda ndiponso zikopeka ndi nsalu zakuda ndi zabuluu. Wokwera wodutsa m'chire la ku Luangwa manja ndi khosi zili pamtunda ndiye cakudya cao.

CIFUKWA CAKE GALASI LALITALI LIPUSITSA

Amene anaonapo madzi a mu mtsinje akugunda mwala adziwa kuti madziwo sasowa ai. Akwera pamwamba pa mwala, ndipo kuseri kwake azungulira ndi kuwinduka. Mphepo nayo icita cimodzimodzi. Ikagunda galasi ikwera m'mwamba, ndipo ikapitirira m'mphepete mwa galasi isanduka timikamvulumvulu. Funso lalikulu ndi lakuti timikamvulumvulu timeneti tigwera pati pa thupi la wokwera.

Galasi likakhala lalifupi, mphepo yosokonezekayo igwera pa cifuwa ndi pa mapewa, ndipo mutu ukhala mu mphepo yoyenda molongosoka. Likakhala kuti nsonga yake yalingana ndi mphuno ya wokwera, mphepo yambiri ipita pamwamba pa cisoti. Koma likakhala pakatikati, mphepo yowindukayo imenya cisoti ceniceni. Mutu ugwedezeka ngati wina ali kuuomba makofi uku ndi uku, maso saona bwino, phokoso likula, ndipo pofika munthu amva mutu kuwawa. Wokwera wotere akanakhala bwinoko popanda galasi konse.

Tsono galasi lopitirira maso lili ndi zoopsa zake. Wokwera ayenera kuyang'anira m'kati mwake, ndipo pa msewu wa fumbi licita mbuu mu mphindi zocepa. Nthawi ya dzinja lidzala matope ndi madontho a mvula, ndipo njinga ilibe zopukutira monga galimoto. Usiku nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimwazika pa galasi lokandika ndi kucititsa khungu. Dzenje, mbuzi kapena mwana wodumpha msewu aoneka mocedwa.

Palinso kulemera kwa njinga. Njinga zofala kumidzi ndi zazing'ono, za mphamvu ya 100cc kufika 150cc, ndipo galasi lake limangidwa ku mahandulo. Galasi lalikulu pa njinga yopepuka lili ngati lata limene munthu wasenza tsiku la mphepo. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala ikaomba ca m'mbali, kapena lole ikadutsa, mahandulo apotoka okha. Pa mcenga kupotoka pang'ono kotere ndi kokwanira kugwetsa munthu. Ndiponso mu Okutobala, pamene kutentha ku cigwa kufika madigiri 40, galasi lalikulu limana wokwera kamphepo komuziziritsa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

KASANKHIDWE KOYENERA

Kwa wokwera wa m'misewu ya kwa Kambombo, kumene liwiro silikhala lalikulu koma fumbi ndi maenje ndi zambiri, galasi lalifupi lofika pa cifuwa ndilo loyenera. Lipumitsa manja ndi mapewa, lichinga timiyala ndi tizilombo, ndipo lisiya maso aufulu. Nchito yoteteza nkhope isiyidwe kwa cisoti cokhala ndi kagalasi kotsekera kumaso. Galasi lofika pa mphuno liyenera amene ayenda maulendo atali pa tala, monga pakati pa Lundazi ndi Chipata. Lamulo lake ndi limodzi: wokwera aziona msewu pamwamba pa galasi, osati kupyolera m'galasi.

Muyeso utengedwe pa mwini wake. Akhale pa njinga pa malo osalala monga akhalira poyendetsa, osadzikweza. Mnzake atenge cingwe ndi kuyesa kucokera pamwamba pa nyali ya kutsogolo kufika pamene galasi lifunika kulekezera, ndi kumanga mfundo pamenepo. Cingwe cimeneci ndico citumizidwe kwa m'bale wa m'tauni pamodzi ndi dzina la njinga. Anthu awiri osiyana msinkhu sangagwiritse nchito galasi limodzi ndi kupeza zofanana.

Magalasi a njinga za moto si a galasi leniileni, koma a pulasitiki ya mitundu iwiri. Ya polycarbonate ipindika koma sisweka msanga, ngakhale kuti ikandika mosabvuta ngati siinakutidwe bwino. Ya acrylic inyezimira ndi kucedwa kukandika, koma ikamenyedwa kolimba ing'aluka ndi kusiya zidutswa zakuthwa. Pa msewu wa miyala polycarbonate ndiyo yabwino, ngakhale mtengo wake ukwerako. Galasi la pa zenera la nyumba, kapena pulasitiki youma yodulidwa ndi sowo, zisaikidwe pa njinga. Pa ngozi wokwera aponyedwa kutsogolo, ndipo khosi ndi nkhope zikumana ndi cinthu cimeneco. M'mphepete mwa galasi muyenera kukhala mosalala, ndipo mtundu wake ukhale woyera ngati madzi. Lakuda likongola masana koma usiku ndi mdani.

Pomanga, pasiyidwe kampata pakati pa nyali ndi galasi kuti mphepo pang'ono ilowe ca m'munsi. Kamphepo kameneka kacepetsa kuwinduka kwa mphepo kuseri kwa galasi, cotero si bwino kutseka mpatawo ndi nsalu kapena mphira. Galasi lipendekere kumbuyo pang'ono, lisaime cilili. Pa mabauti paikidwe timphira kuti pulasitiki isang'aluke ndi kugwedezeka. Akatha kumanga, makanika apotoze mahandulo kumanja ndi kumanzere mpaka kumapeto, kuona kuti galasi siligunda thanki, silikoka mawaya a mabuleki ndi a kilachi, ndipo silichinga nyali. Mabauti aziyang'anidwa kawirikawiri pakuti misewu ya mabampu imasula ciliconse.

Ngati pambuyo pomanga mutu wayamba kugwedezeka kapena phokoso lakula, galasi litsitsidwe kapena lipendekedwe mwina, ndi kuyesanso pa msewu wopanda anthu. Likakanika, licotsedwe. Kumva cisoni ndi ndalama zimene zapita kale si cifukwa coonongera makutu.

Potsuka, ayambe athira madzi ambiri kuti fumbi litsike, kenaka sopo wofewa ndi kansalu kofewa. Kupukuta galasi louma ndi kulikanda ndi mcenga. Petulo aononga pulasitiki.

CISOTI COYAMBA, GALASI PAMBUYO

Ena anganene kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama, ndipo banja limene labvutika kale kugula njinga silingakwanitse zina. Mau amenewa ndi omveka. Yankho lake lili m'ndondomeko ya kagulidwe. Ngati ndalama zikwanira cinthu cimodzi cabe, cikhale cisoti cabwino cokhala ndi lamba ndi kagalasi koyera. Caciwiri ndi cisoti ca wokwezedwa kumbuyo. Cacitatu ndi jekete ya manja atali, yamtundu wowala, imene ichinga mphepo ndi kashembe ndiponso ioneka patali. Galasi la kutsogolo libwere pambuyo pa izi.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu caka ciliconse. Linenanso kuti cisoti cobvalidwa bwino cicepetsa ngozi ya imfa koposa kasanu ndi kamodzi, ndi kubvulala kwa ubongo mpaka 74 peresenti. Malamulo a pamsewu a Zambia, amene bungwe la RTSA liyang'anira, afuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse abvale cisoti. Galasi liteteza ku mphepo. Siliteteza mutu ukagunda pansi. Cisoti copacikidwa pa mahandulo, kapena cobvalidwa lamba ali lende, cili cimodzimodzi ndi kusakhala naco.

Za makutu, tizotsekera tofewa togulitsidwa m'masitolo a mankhwala ndi a zipangizo ticepetsa phokoso la mphepo pa ulendo wautali. Kumvera nyimbo m'makutu poyendetsa ndi kuonjezera phokoso pa phokoso linzake, ndipo hutala ya galimoto simveka.

NTHAWI YOPITA KU CIPATALA

Kanthu kakalowa m'diso, lisatikitidwe. Litsukidwe ndi madzi oyera ambiri. Ngati likali kuwawa, kufiira kapena kuopa kuwala tsiku lotsatira, munthu apite ku kiliniki, kumene angamutumize ku cipatala ca boma la Chama kapena kwa a maso ku Chipata. Mkaka wa m'mawere, shuga ndi madzi a masamba zisathiridwe m'diso. Maso ambiri aonongeka ndi mankhwala otere.

Okwera ambiri akhulupirira kuti mphepo ndiyo ibweretsa cibayo, ndipo akayamba kutsokomola angoika katoni m'kati mwa malaya ndi kupitiriza nchito. Fumbi lipweteketsadi pakhosi ndi m'cifuwa, koma cibayo ndi TB zibwera ndi tizilombo. Cifuwa cimene catha milungu iwiri, makamaka pamodzi ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, cifunika kupimidwa. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. Cimodzimodzi munthu amene analumidwa ndi kashembe ndipo thupi litentha, koma popima malungo sapezeka, auze a cipatala kumene anayenda.

Njinga ikaonongeka, banja lithamanga kusonkha ndalama za sipeya cifukwa lidziwa kuti ndiyo ibweretsa unga m'nyumba. Koma njinga siyenda yokha. Maso, makutu ndi khosi la mnyamata wa kwa Kambombo sizigulitsidwa m'sitolo iliyonse ya ku Lundazi kapena ku Chipata. M'bale wa m'tauni asanapereke ndalama kwa wogulitsa, ayambe wafunsa ngati cisoti cilipo. Cikakhalapo, atulutse cingwe ca muyeso, ndipo agule galasi lolingana ndi cingweco ngakhale pambali pake pali lina lalitali ndi lokongola kuposa.