Chuma cha Wodwala Chili ndi Mwini Wake

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche mpaka ku Usisya, muli madoda ambiri amene adakhetsa thukuta m'migodi ya ku Joni. Ena adapita pa Wenela isanaimitsidwe mu 1974, ena pa TEBA imene idalekeka mu 1988. Pobwerako adamanga nyumba za malata, adagula maboti ndi zilimila, ndipo ndalama zotsala adasungitsa kubanki. Lero akalamba. Ena mwa iwo ayamba kuiŵala maina a ana awo, amasochera pochokera kugombe, ndipo kuŵerenga ndalama kukuŵakanika.

Zikafika potere, kaŵirikaŵiri mwana kapena mphwake wa mkuluyo amangotenga khadi la kubanki nayamba kutapa ndalama. Injini ya boti imagulitsidwa mwakachetechete. Pamene abale ena akudzidzimuka, n'kuti mwini chuma akudya kondowole wopanda ndiwo, ndipo pabanja pabuka chidani. Mwina wotenga khadi uja anali ndi mtima wothandiza, koma udindowo adadzipatsa yekha, ndipo palibe woti amfunse mmene ndalama zayendera.

Matenda salanda munthu umwini wa katundu wake. Gawo 28 la Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi a 1994 likuletsa kulanda munthu katundu popanda chifukwa chovomerezeka, ndipo silikupatula okalamba kapena odwala matenda a maganizo. Choncho aliyense wofuna kuyendetsa chuma cha munthu wamkulu amene sakuthanso kudziyendetsera yekha ayenera kupempha mphamvuzo ku bwalo la milandu.

Komabe ulendowu uyambire kuchipatala. Kusokonezeka mutu si ufiti, ndiponso sikuti nthaŵi zonse n'kosachiritsika. Malungo aakulu, khunyu, moŵa ndi matenda a shuga zimatha kusokoneza munthu kwa kanthaŵi, ndipo akalandira chithandizo nzeru zimabwerera. Achipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay angathe kumuyeza wodwalayo, ndipo ku Mzuzu kuli a St John of God amene amathandiza odwala matenda a maganizo. Munthu woti achira sasoŵa womusungira chuma moyo wake wonse.

Dokotala akatsimikiza kuti vutolo ndi lokhalitsa, banja likhale pansi pamodzi ndi wodwalayo, limve zofuna zake pamene akutha kuzinena, ndi kugwirizana za munthu woyenera. Lamulo la Mental Treatment Act la 1948 lidapatsa Bwalo Lalikulu la Milandu mphamvu zosankha woyang'anira munthu wodwala ndi chuma chake. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo, limene likutsindika ufulu ndi ulemu wa wodwala. Izi zikugwirizana ndi pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu olumala, limene Malaŵi adalivomereza mu 2009. Wopita ku bwalo asapite chimanjamanja. Atenge kalata ya dokotala, mndandanda wa katundu yense, ndi umboni wakuti abale ena akudziŵa za pempholo.

Ena anganene kuti pamudzi pali nyakwaŵa ndi akuluakulu a banja, nanga bwalo n'lachiyani? Anthu ameneŵa ndi ofunika zedi poyanjanitsa abale, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma banki siimvera chigamulo cha pansi pa mtengo wa mango. Chikalata cha bwalo chimateteza wodwala, popeza wosankhidwayo ndi msungi chabe amene angafunsidwe za tambala iliyonse. Chimatetezanso msungi wokhulupirika ku mabodza akuti wadya chuma cha bambo wake.

Dandaulo lomveka ndi la mtunda. Bwalo Lalikulu lili ku Mzuzu. Wa ku Mpamba angafike msanga pakuti ali pamseu, koma wa ku Usisya ayenera kudikira sitima ya Ilala kapena kukwera mapiri pamseu wovuta. Osauka asataye mtima: ofesi ya Legal Aid Bureau ku Mzuzu idakhazikitsidwa kuti ithandize osatha kulipira loya, ndipo a zosamalira anthu ku boma angaŵalozere njira. Maofesi ameneŵa nawonso ayenera kumayendera midzi ya kunyanja m'malo modikira kuti anthu aŵapeze.

Amene apatsidwa udindowu alembe m'kabuku ndalama zonse zoloŵa ndi zotuluka, asunge malisiti, ndipo agule chakudya, mankhwala ndi zofunda za wodwala asanaganizire china chilichonse. Ana a m'nyumbamo akuona mmene agogo awo akusungidwira, ndipo adzasunga makolo awo chimodzimodzi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.